Moto woyeza: mafunso ndi mayankho pa thermostat, anapiye a ku Chiwamba ndi nyumba za ku Ulaya

Mwezi wa Juni ukalowa, mlimi wa nkhuku ku Chiwamba, Nsaru, Kabudula kapena Mpingu amadziwa kuti tulo tachepa. Masana dzuwa limawomba ndithu, kutentha n'kufika madigiri 22 kapena 24, koma mbandakucha kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Mwanapiye wa tsiku limodzi amafuna madigiri opitirira 30 usana ndi usiku womwe, ndiye mlimi amadzuka kangapo, kukoleza mbaula, kupungula makala, kutsegula thumba lotchinga pawindo, kenako n'kulitsekanso.

Ntchito imeneyi, yosunga kutentha pamlingo umodzi, anthu anaipezera kachipangizo kalekale. Kamapezeka m'makina oswetsera mazira, mu injini ya minibasi, mu simbi yamagetsi, komanso pa mapaipi otenthetsa nyumba za ku Ulaya kumene Amalawi ena amakhala. Dzina lake ndi thermostat.

Kodi thermostat n'chiyani kwenikweni?

Ndi chipangizo chimene chimamva kutentha, n'kudzichitira chokha zinthu ziwiri: kutentha kukapitirira mlingo umene munthu wasankha chimachepetsa moto, kukatsika chimaubwezeretsa. Sichipanga moto ayi. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mayi wophika phala, amene amasolola chikuni poto ukayamba kusefukira, n'kuchisonkhezeranso moto ukafooka.

Njira zomvera kutentha zilipo zingapo. Mu simbi yamagetsi ndi mu ketulo muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi. Chimodzi chimafutukuka msanga kuposa chinzake, motero kachitsuloko kakatentha kamapindika n'kudula magetsi. Kaphokoso kakuti "the" kamene kamamveka munthu akusita ndi komweko. Njira ina ndi ya sera kapena timadzi tapadera totsekeredwa m'kachibotolo kachitsulo: tikatentha timafutukuka n'kukankha kamsomali. Njira yatsopano ndi ya kawaya komva kutentha kolumikizidwa ku kabokosi koonetsa manambala.

Amakaniko a ku Nsaru ndi ku Namitete amaidziwa bwino ya sera, chifukwa ili m'galimoto iliyonse yoziziritsidwa ndi madzi. Imakhala yotseka injini ikakhala yozizira, ndipo imatseguka madzi akafika madigiri a pakati pa 80 ndi 90 kuti apite ku radiyeta. Ambiri amaichotsa galimoto ikamabwatitsa madzi. Zotsatira zake n'zakuti m'mawa wa mu Julayi injini imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri, ndipo vuto lenileni, kaya ndi radiyeta yotsekeka kapena fani yakufa, limakhala lili pomwepo.

Nanga nkhuku zikubweramo bwanji m'nkhani ya makina?

Zinalimo kuyambira pachiyambi. Cha m'ma 1620, Cornelis Drebbel, mmisiri wa ku Alkmaar m'dziko la Netherlands amene ankagwira ntchito ku London, anapanga bokosi loswetsera mazira lotenthedwa ndi moto. M'kati anaikamo chubu cha galasi chokhala ndi spiriti ndi mercury. Kutentha kukakwera spiriti ankafutukuka n'kukankha mercury, mercury n'kukweza kamtengo kamene kankatseka polowera mpweya wa ku moto, moto n'kufooka. Akatswiri a mbiri ya makina amaiwerengera kuti ndi imodzi mwa thermostat zoyambirira padziko lonse.

Aigupto anali ataswetsa mazira kwa zaka mazana ambiri Drebbel asanabadwe, m'nyumba za njerwa zotenthedwa ndi moto wa ndowe ndi udzu. Iwo analibe chipangizo: mwini nyumbayo ankatenga dzira n'kuligunditsa pachikope, n'kudziwa ngati moto wakwana. Mu 1881 Charles Hearson wa ku England anapanga makina oswetsera mazira okhala ndi kachibotolo kophwatalala kodzaza timadzi tofutukuka msanga, kamene kankakweza chivindikiro cha nyali kutentha kukachuluka. Makina a parafini a mtundu umenewu anafalikira m'maiko ambiri.

Kodi nyumba za ku Ulaya zimatenthedwa motani, ndipo valavu ya thermostat imakhala pati?

Ku Britain, Ireland, Germany ndi maiko oyandikana nawo, nyumba zambiri zili ndi boyila imodzi, kawirikawiri ya gasi kapena ya mafuta, imene imatenthetsa madzi. Pampu imayendetsa madziwo m'mapaipi kupita m'chipinda chilichonse, kumene amadutsa mu radiyeta yachitsulo yokhomedwa kukhoma, n'kubwereranso ku boyila. Namwino wa ku Malawi amene wangofika ku Manchester, Glasgow kapena Dublin amapeza kuti pambali pa radiyeta iliyonse pali kachigubu koyera kopotokola, kolembedwa kanyenyezi ndi manambala 1 mpaka 5.

Kachigubu kameneko ndiko valavu ya thermostat. M'mutu mwake muli sera, timadzi kapena mpweya wapadera. Chipinda chikafunda, zimene zili m'mutumo zimafutukuka n'kukanikiza kamsomali kamene kamachepetsa njira ya madzi otentha. Chipinda chikazizira, sipulingi imabweza kamsomali, madzi n'kuyambanso kuyenda. Sipafunika magetsi kapena batire. Anaiyambitsa ndi Mads Clausen, mwini kampani ya Danfoss ya ku Nordborg m'dziko la Denmark, mu 1943, ndipo inafala kwambiri mitengo ya mafuta itakwera mu 1973, anthu atayamba kuwerengera ndalama iliyonse yopita ku moto.

Phindu lake ndi lakuti chipinda chilichonse chimakhala ndi mlingo wakewake. Pabalaza pamene pali anthu pakhoza kufunda, chipinda chogona n'kukhala chozizirirapo, chipinda chopanda munthu n'kungotetezedwa kuti mapaipi asaundane. Dzuwa likalowa pawindo kapena wina akamaphika, valavu imamva n'kudzitseka yokha.

Manambala a pa valavu amatanthauza chiyani? Kodi kuika pa 5 kumafulumizitsa kufunda?

Apa ndi pamene alendo ambiri amataya ndalama. Manambalawo sakunena za kukula kwa moto koma za mlingo umene chipinda chiyenera kuimapo. Makampani amasiyana pang'ono, koma kawirikawiri kanyenyezi ndi madigiri pafupifupi 7, nambala 2 ndi pafupifupi 16, nambala 3 ndi pafupifupi 20, nambala 4 ndi pafupifupi 24, ndipo 5 ndi kutentha kwa mu Okutobala weniweni. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2018 okhudza nyumba ndi umoyo, linati m'maiko ozizira nyumba isatsike pansi pa madigiri 18.

Munthu akalowa m'chipinda chozizira, valavu ya pa 3 imakhala itatseguka kale, chifukwa mlingo wake sunakwane. Kuipotokolera pa 5 sikusintha kwenikweni liwiro la kufunda. Chimene chimasintha n'chakuti radiyeta siima chipinda chikafika madigiri 20, imangopitirira, mwini nyumba n'kuyamba kutsegula mawindo, gasi akupita.

Pali zinthu zina zitatu zimene amisiri a mapaipi kumeneko amabwereza. Choyamba, valavu siyatsa kapena kuzimitsa boyila. Imeneyo ndi ntchito ya thermostat yaikulu ya pakhoma, ndipo m'chipinda chimene muli yaikuluyo radiyeta amaisiya yotsegula kuti ziwirizi zisalimbane. Chachiwiri, katani kapena sofa zisaphimbe mutu wa valavu. Chachitatu, m'miyezi yotentha valavu isiyidwe pa 5, chifukwa ikakhala yotseka miyezi yambiri kamsomali kamamatirira, ndipo chisanu chikabwera radiyeta imakana kutentha.

Tibwerere ku Chiwamba. Mwanapiye amafuna kutentha kotani?

Thupi la nkhuku yaikulu limatentha madigiri pafupifupi 41, ndipo imatha kudzisungira yokha kutenthako. Mwanapiye satha mpaka atakwanitsa pafupifupi milungu iwiri, ndipo nthenga zake zimakwanira bwino pa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Thadzi limathetsa vutoli pofungatira ana ake. Anapiye ogula ku makampani ngati Central Poultry alibe make, choncho make ndi mlimi.

Mlungu woyamba, pansi pamene anapiye aima pazikhala madigiri 32 mpaka 35. Mlungu uliwonse wotsatira mlingo utsike ndi madigiri pafupifupi 3, mpaka ufike cha pa 21 kapena 24. Khola litenthedwe anapiye asanafike, makamaka utuchi kapena makoko a mtedza oyalidwa pansi, chifukwa simenti ndi dothi lozizira zimayamwa kutentha kudzera m'mapazi. Mwanapiye wozizidwa sadya, samwa, sakula, ndipo matenda amamupeza mosavuta.

N'chifukwa chake boma, pa ntchito yake yotukula nkhuku za kumudzi, lakhala likugulitsa nkhuku za Mikolongwe zitakwanitsa milungu isanu ndi umodzi, osati za tsiku limodzi. Nkhuku zakuda zimenezi, za mtundu wa Black Australorp, zinatenga dzina ku malo a boma oweterako ziweto a Mikolongwe ku Chiradzulu, ndipo malo a Bwemba ku Lilongwe ndi Choma kufupi ndi Mzuzu akhala akuthandiza kuzifalitsa. Pa msinkhu umenewo nthawi yofuna moto imakhala itadutsa.

Mlimi wopanda magetsi ndi choyezera kutentha angadziwe bwanji kuti moto wakwana?

Kafukufuku wa DHS wa 2015-16 anapeza kuti mabanja anayi okha pa 100 alionse akumudzi ndiwo anali ndi magetsi. Mawaya a ESCOM afika m'misika yambiri kudzera mu pulogalamu ya MAREP, koma makola ambiri a ku Nambuma ndi Kabudula akudalirabe mbaula, mphika wadothi wa makala kapena nyali ya parafini. Pamenepo womva kutentha ndi anapiye eni ake, wotsegula ndi kutseka valavu ndi mlimi.

Anapiye akaunjikana pafupi ndi mbaula, wina pamwamba pa mnzake, akulira mokweza, ndiye kuti akuzizidwa, ndipo apansi akhoza kufa chifukwa chobanika. Akathawira m'mbali mwa mpanda, atatambasula mapiko, milomo ili yasaa, moto wachuluka. Akakhamukira mbali imodzi yokha, pali mphepo imene ikulowa penapake. Akabalalika khola lonse, ena akudya, ena akumwa, ena atagona, akulira motsitsa, zonse zili bwino.

Alimi ozolowera amaonjezera njira ziwiri. Amatenga mwanapiye n'kugunditsa mapazi ake patsaya kapena pakhosi: mapazi ozizira akutanthauza kuti pansi sipanafunde, ngakhale mpweya wa m'mwamba uli wotentha. Ndipo patsiku lotsatira anapiye atafika amapapasa chithokomiro cha angapo. Ngati pafupifupi onse ali ndi chithokomiro chodzaza ndi chofewa, ndiye kuti kutentha kwawalola kupeza chakudya ndi madzi. Mpanda wa makatoni kapena mphasa uzikhala wozungulira, wopanda ngodya zounjikanamo, komanso waukulu mokwanira kuti mwanapiye asankhe yekha pofunda kapena pozizirirapo.

Wofuna kugwiritsa ntchito babu akumbukire kuti mababu a LED amawala kwambiri koma satulutsa kutentha kokwanira. Ofunika ndi mababu akale a kawaya kapena mababu ofiira opangidwira ntchito yomweyi.

Kodi kutseka khola lonse kuti kutentha kusatuluke n'kulakwa?

N'kulakwa koopsa. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umalowa m'magazi m'malo mwa mpweya wabwino. Anapiye amafooka n'kufa mwakachetechete, ndipo mnyamata wogona m'khola momwemo kuti azisonkheza moto ali pa ngozi yomweyo. Zizindikiro zake pa munthu ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo tolemera. Woteroyo atulutsidwe panja msanga n'kupita naye kuchipatala.

Makala akolezedwe panja, alowe m'khola atasiya kufuka, ndipo m'mwamba mwa khoma musiyidwe mpata woti mpweya uzituluka. Mbaula ikhale pa njerwa ndi yotchingidwa ndi waya, kutali ndi utuchi ndi denga laudzu. Mpata wa m'mwambawo umatulutsanso chinyezi ndi fungo la zitosi limene limawawa m'maso ndi kuwononga mapapo a anapiye.

Chenjezo lomweli likukhudza mabanja amene amalowetsa mbaula kuchipinda chogona usiku wa chisanu.

Nanga makina oswetsera mazira amafuna mlingo wanji?

Apa mpata wolakwitsa ndi wochepa kwambiri. M'makina okhala ndi fani, mazira a nkhuku amafuna madigiri 37.5 mpaka 37.8 kwa masiku 21. Kukatentha pang'ono kupitirira apo anapiye amaswa msanga, ofooka, ena michombo isanatseke. Kukazizira pang'ono amaswa mochedwa. Kukapitirira madigiri 40 kwa maola angapo, ambiri amafera m'chigoba. Mazira a nkhanga amatenga masiku 26 mpaka 28, a zinziri 17 kapena 18, ndipo a abakha ofiira kumaso amene amawetedwa kwambiri kuno amatenga masiku pafupifupi 35.

Kutentha sikuyenda kokha. Chinyezi chizikhala cha pakati pa 50 ndi 55 peresenti, n'kukwera kufika 65 kapena 70 m'masiku atatu omaliza, ndipo mbale ya madzi m'kati ndiyo imachita zimenezi. Mazira atembenuzidwe katatu kapena kasanu patsiku mpaka tsiku la 18. Pa tsiku la 7 kapena la 10 aunikidwe ndi tochi mumdima: dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, lopanda tambala limangowala mbee. Mazira oti aswetsedwe asasungidwe kupitirira mlungu umodzi, ndipo kosongoka kuziloza pansi.

Amisiri ambiri amapanga makina otere ndi firiji yakufa kapena bokosi lamatabwa, mababu, fani ya kompyuta ndi thermostat ya manambala. Zodziwika kwambiri ndi W1209, imene imayenda ndi mavoti 12 motero imagwirizana ndi batire ndi sola, ndi STC-1000. Zonse ziwiri zili ndi poikira mlingo, komanso poikira mpata wa pakati pa kuzima ndi kuyakanso. Mpata umenewu ukakhala waukulu, mwachitsanzo madigiri awiri, kutentha kwa mazira kumangokwera ndi kutsika. Uyenera kukhala wosapitirira theka la digiri.

N'chifukwa chiyani makina ena amaonetsa 37.5 koma mazira osaswa?

Kawirikawiri vuto limakhala malo a kawaya komva kutentha. Thermostat imangodziwa kutentha kwa pamene kawayako kali, sidziwa za bokosi lonse. Kakakhala pafupi ndi babu, kamamva moto msanga n'kuzimitsa, mazira akadali ozizira. Kakakhala pansi pafupi ndi mbale ya madzi kapena pakhomo, kamamva kuzizira n'kusiya babu akuyaka, mazira apamwamba n'kupsa. Malo ake ndi pakati pa thireyi, molingana ndi msinkhu wa mazira. Ndi vuto lomwe lija la valavu yobisika kuseri kwa katani ku Dublin: imamva kutentha kwa kuseriko n'kutseka madzi, eni nyumba akunjenjemera pasofa.

Vuto lachiwiri ndi lakuti zipangizo zotsika mtengo zimatha kunama ndi digiri imodzi. Njira yoonera ndi kuika choyezera kutentha cha kuchipatala, chimene chimagulitsidwa m'mafamase, pambali pa kawayako, n'kuyerekeza manambala. Makina atsopano ayatsidwe tsiku lathunthu kapena awiri ali opanda mazira, mwini wake akulemba manambala masana ndi mbandakucha. M'makina opanda fani mpweya wotentha umakhala m'mwamba, choncho mlingo umayezedwa pamwamba pa mazira ndipo umakhala wokwererapo, cha pa 38.5.

Magetsi akazima, mazira amafa nthawi yomweyo?

Ayi. Thadzi nalo limachoka pa mazira kukadya ndi kusamba fumbi. Kuzizira kwa maola ochepa kumangochedwetsa kuswa. Kumene kumapha msanga ndi kutentha kopitirira. Magetsi akazima makina asatsegulidwe. Afunditsidwe bulangete, koma timabowo ta mpweya tisatsekedwe, makamaka m'masiku omaliza pamene anapiye akupuma kwambiri. Mabotolo a madzi ofunda oikidwa m'kati, osakhudza mazira, amathandiza kusunga kutentha. Magetsi akabwera bulangete lichotsedwe.

Vuto limakula kuzima kukakhala kwa tsiku ndi tsiku, monga zinachitikira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire mu Januware 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. N'chifukwa chake makina a mavoti 12 okhala ndi batire ndi sola amagwirizana bwino ndi madera ngati Chiwamba. Bokosi lokutidwa bwino, monga la firiji, limafuna magetsi ochepa chifukwa thermostat imakhala yozimitsa nthawi yaitali.

Nanga mu Okutobala, thermostat ingaziziritse khola?

Singathe, pokhapokha italumikizidwa ku fani. Valavu ya pa radiyeta, thermostat ya babu ndi dzanja la mlimi pa mbaula, zonse zimangochepetsa moto mpaka kuuzimitsa; kupitirira apo zilibe chochita. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa ku Lilongwe kumafika madigiri 30 kapena kuposerapo, chipinda cha malata chimatha kutentha kuposa mlingo wa mazira, ndipo kutentha kwa m'makina kumakwera kokha ngakhale babu atazima. Makina aikidwe m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi windo lolowa dzuwa.

Nkhuku zilibe thukuta. Zimadziziziritsa popuma wefuwefu, ndipo za nyama zikafika milungu inayi kapena isanu ndizo zimafa kwambiri ndi kutentha. Zofunika pa nyengo imeneyi ndi khola la mbali zotseguka lotalika kuchokera kummawa kupita kumadzulo kuti dzuwa lisalowe m'mbali, udzu woyala pamwamba pa malata, madzi ozizira osinthidwa masana, chakudya choperekedwa m'mawa kwambiri ndi madzulo, komanso kuchepetsa chiwerengero cha nkhuku m'khola. Anapiye a mlungu woyamba angafunebe mbaula mbandakucha ngakhale m'chilimwe, koma dzuwa likangokwera ichotsedwe.